SpaceJet ya Mitsubishi: ndege idauluka, chiphaso osachipeza

Pa 7 Febuluwale 2023, mkulu wa kampani ya ku Japan ya Mitsubishi Heavy Industries, a Seiji Izumisawa, adalengeza kuti ntchito yopanga ndege ya SpaceJet yathera pomwepo. Apa n'kuti patadutsa zaka pafupifupi 15 chiyambire ntchitoyi. Ndalama pafupifupi 1 thililiyoni yen, zomwe panthawiyo zinali madola a ku America oposa 7 biliyoni, zinali zitalowa m'madzi. Tsiku lopereka ndege yoyamba kwa wogula lidasunthidwa kasanu ndi kamodzi, ndipo palibe munthu ngakhale mmodzi amene adagulapo tikiti n'kuikwera.

Si kuti ndegeyo inkakanika kuuluka ayi. Idanyamuka koyamba pa 11 Novembala 2015 pabwalo la ndege la Nagoya, anthu akuonerera pa wailesi yakanema, ndipo pomwe ntchito inkaimitsidwa n'kuti ndege zoyeserera zitakhala m'mlengalenga maola oposa 3,900, osagwa ngakhale imodzi. Ambiri amaloza chala mliri wa Covid-19 poti ntchitoyi idaima mu 2020, koma mliriwo udapeza zinthu zitasokonekera kale. Vuto lenileni linali lakuti Mitsubishi inkadziwa kupanga ndege, koma sinkadziwa kutsimikizira akuluakulu oona za chitetezo kuti ndegeyo ndi yoyenera kunyamula anthu. Zaka zimene idatha ikuphunzira zimenezi ndi zomwe zidadya mwayi wonse umene inali nawo pamsika.

Kumene malotowa adachokera

Japan si mlendo pa nkhani ya ndege. Mitsubishi yomweyi ndiyo idapanga ndege yankhondo yotchuka ija ya Zero. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, maiko opambana adaletsa Japan kupanga ndege mpaka 1952, ndipo m'zaka zimenezo ndi mmene anzawo ankasamukira ku mainjini a jeti. Chiletso chitatha, boma ndi makampani angapo adagwirana manja n'kupanga YS-11, ndege ya mapulopela awiri yonyamula anthu pafupifupi 60, yomwe idauluka koyamba mu 1962. Zidapangidwa 182 zokha. Malonda ake adali oluza, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 adasiya kuipanga.

Kuchokera pamenepo makampani a ku Japan adakhazikika pa kupangira ena zigawo za ndege, ndipo ntchitoyo adaidziwadi. Pa Boeing 787, pafupifupi 35 peresenti ya thupi la ndegeyo ndi yopangidwa ku Japan, ndipo mapiko ake amachokera kufakitale ya Mitsubishi ku Nagoya. Komabe wopangira ena amayendera mawu a mwini ndege: iye ndiye amanena mtengo, kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Boma ndi kampani onse ankafuna ndege yawoyawo.

Mu 2003 unduna wa zachuma, zamalonda ndi mafakitale udayambitsa kafukufuku wa ndege yaing'ono yosadya mafuta ambiri. Mu Malichi 2008 ntchito idakhazikitsidwa pansi pa dzina lakuti Mitsubishi Regional Jet, mwachidule MRJ (dzina la SpaceJet lidabwera pambuyo pake), kampani ya All Nippon Airways itaitanitsa ndege 15 n'kusungitsa malo a zina 10. Padabadwa kampani yatsopano, Mitsubishi Aircraft Corporation, momwe Toyota idaikamo dzanja ndi masheya 10 peresenti. Ankati ntchito yonse idya pafupifupi 150 biliyoni yen, boma n'kuthandizapo ndi pafupifupi 50 biliyoni, ndipo ndege yoyamba idzaperekedwa mu 2013.

Ndege za msinkhu uwu ndi zija zonyamula anthu 70 mpaka 100, zolumikiza mizinda yocheperako ndi mabwalo akuluakulu. Amene adakwerapo Embraer ya Kenya Airways pakati pa Lilongwe ndi Nairobi akudziwa zomwe zikunenedwa. Msikawu unali m'manja mwa awiri, Bombardier ya ku Canada ndi Embraer ya ku Brazil. Chida chimene Mitsubishi inkadalira powalanda malonda chinali injini. Idali yoyamba kusankha injini yatsopano ya kampani ya ku America ya Pratt & Whitney yokhala ndi giya pakati pa fani yakutsogolo ndi mbali yamkati, zomwe zimalola fani yaikulu kuzungulira pang'onopang'ono pomwe zamkati zikuthamanga. Zotsatira zake ndi phokoso lochepa komanso mafuta ochepa, ndipo Mitsubishi inkalonjeza kuti ndege yake izidya mafuta ocheperapo ndi 20 peresenti poyerekeza ndi zomwe zinalipo. Ogula adabweradi. Trans States Holdings ya ku America idaitanitsa 50 n'kusungitsa zina 50, SkyWest 100 ndi zina 100, Japan Airlines 32. Zonse pamodzi zidapitirira 400.

Chiphaso

Ndege yonyamula anthu singagulitsidwe popanda chiphaso chimene pa Chingelezi amati type certificate. Chimaperekedwa ndi boma la dziko lomwe ndegeyo yapangidwira, ndipo ukafuna kugulitsa ku America kapena ku Ulaya, mabungwe akumeneko, FAA ndi EASA, ayenera kuchivomereza nawonso.

Mayeso ena ndi osavuta kuwamvetsa. Phiko amalipinda ndi makina mpaka lisenze mphamvu yoposa ndi theka ija yaikulu kwambiri imene lingakumane nayo paulendo. Amaponyera mbalame yakufa pagalasi lakutsogolo ndi m'injini. Amaona ngati anthu onse angatuluke m'masekondi 90 theka la zitseko lili chitsekere. Zoterezi mainjiniya a ku Nagoya sizikadawasowetsa tulo.

Chovuta ndi china. Malamulo ambiri sakuuza chochita. Amangoti sonyeza kuti vuto lililonse limene lingagwetse ndege ndi losayembekezeka kufika poti lingachitike kamodzi pa maola 1 biliyoni ouluka. Usonyeze bwanji, ndi umboni wotani, wochuluka motani, zili kwa iwe ndi woyendera wa boma kuti mugwirizane. Chigawo chilichonse, pulogalamu iliyonse ya pakompyuta, chiyenera kukhala ndi mzere wa mapepala wosonyeza lamulo lomwe chikukwaniritsa, amene adachipanga, mmene adachiyesera ndi amene adachitira umboni. Chinthu chomwe chikuyesedwa chiyeneranso kufanana ndendende ndi chomwe chili papulani. Ukasintha pulani, mayeso ena omwe udachita kale amafafanizika, uyambirenso. Pandege ya zigawo pafupifupi 1 miliyoni, pamene galimoto imakhala ndi 30,000 zokha, ntchito ya mapepalayi imakula kuposa yosula zitsulo.

Nzeru zotanthauzira malamulowa sizipezeka m'buku. Zimakhala m'mitu mwa anthu amene adadutsamo kale, amene amadziwa kuti FAA ikanena chakuti ndiye kuti ikufuna chakuti. Ku Japan anthu oterowo kunalibe. Amene adagwira ntchito ya YS-11 anali atapuma kalekale. Mitsubishi idapangapo kajeti kakang'ono ka anthu amabizinesi, MU-300, koma idakagulitsa kwa Beechcraft ya ku America chapakati pa zaka za m'ma 1980. Pa mapiko a 787, zokambirana ndi FAA zinali za Boeing. Pa ndege zankhondo, wogula ndi wovomereza amakhala mmodzi yemweyo, unduna wa zachitetezo. Mitsubishi inali ngati kalipentala wodziwa amene moyo wake wonse wakhala akukhomera ena zitseko ndi madenga, lero n'kutenga kontirakiti yomanga nyumba yosanja yonse, mpaka kukapititsa mapulani kukhonsolo.

Ndipo woyenderayo naye anali wophunzira. Nthambi ya boma la Japan yoona za maulendo a pandege, JCAB, inali isadaperekepo chiphaso cha ndege yaikulu yonyamula anthu chichokere nthawi ya YS-11. Wolemba mayeso ndi wochonga onse ankafufuza njira limodzi, FAA ikuyang'anira chapambali.

Kuchedwa kudayamba msanga. Mu 2009 adasintha maganizo pa mapiko: m'malo mwa ulusi wa kaboni, womwe ankanyadira nawo poyamba, adabwerera ku aluminiyamu. Mu 2012 ntchito idabwereranso m'mbuyo zitadziwika kuti pafakitale ina ya Mitsubishi ndondomeko zopimira zigawo sizinkatsatidwa monga zidalembedwera. Mu 2013 adasunthanso tsiku kufika 2017, chifukwa cha ndondomeko za chiphaso ndi kuchedwa kwa zipangizo za kunja. Mu Disembala 2015, patangotha mwezi umodzi ndege itauluka koyamba, adati 2018, mwa zina chifukwa polumikizira phiko ndi thupi pankafunika kulimbitsa.

Mayeso ambiri a m'mlengalenga adawasamutsira ku Moses Lake m'chigawo cha Washington ku America, kumene kuli bwalo lalikulu lomwe kale linali la asilikali, ndipo kumwamba kumakhala koyera masiku ambiri. Ngakhale ulendo wopita kumeneko udavuta: mu Ogasiti 2016 ndege idabwerera panjira kawiri, masiku otsatizana, chifukwa cha vuto pa makina oona za mpweya wa m'kati. Idakafika kumapeto kwa Seputembala, kudzera ku Kamchatka m'dziko la Russia ndi ku Alaska.

Nkhonya yaikulu idagwa mu Januwale 2017. Pansi pa malo okhala anthu m'ndege mumakhala zipinda za makompyuta oyendetsa zinthu. Makompyutawa amakhala awiriawiri kapena atatuatatu kuti imodzi ikafa inzake ipitirize. Koma kukhala ndi ziwiri n'kopanda phindu ngati zili moyandikana, poti madzi otayikira pansi, moto kapena bomba zikhoza kuwononga zonse nthawi imodzi. N'chimodzimodzi ndi mawaya ake: sayenera kudutsa njira imodzi. Malamulo a mawaya adakhwimitsidwa ngozi za ndege za TWA 800 mu 1996 ndi Swissair 111 mu 1998 zitachitika, ndipo FAA idatulutsa atsopano mu 2007, MRJ isadakhazikitsidwe n'komwe. Akatswiri akunja omwe Mitsubishi idayamba kulemba ntchito mochuluka cha mu 2016 atayang'ana mmene zinthu zidayalidwira, adaona kuti chiphaso sichingatuluke. Padafunika kusuntha makompyuta ndi kuyalanso mawaya oposa 23,000, ndipo kusuntha chimodzi kumakoka zinzake: mabowo, mapaipi, kulemera, kayendedwe ka mpweya woziziritsa. Zosintha zonse zidafika cha m'ma 900. Tsiku lidasunthidwa kufika pakati pa 2020.

Ndege yoyamba yomangidwa motsata pulani yokonzedwayo idauluka pa 18 Malichi 2020. Ndiye kuti kwa zaka zinayi ndi miyezi inayi, ndege zomwe zinkauluka sizinali ndendende ija yofunika chiphaso.

Pano pali funso lomwe kwa ine ndi lolemera kuposa ena onse: bwanji akatswiri akunjawo sadaitanidwe mu 2008? Kampani yomwe idapanga Zero, maroketi ndi mapiko a 787 inkadziona yokwana, ndipo dzina lakuti ndege ya dziko la Japan linali ndi ulemerero wake womwe sunkasiya malo ambiri a alendo. Utsogoleri nawo sunkakhazikika. Pakati pa 2008 ndi 2020 Mitsubishi Aircraft idakhala ndi akulu asanu ndi mmodzi olandizana mpando. Honda idayenda njira ina ndi kandege kake ka HondaJet. Idamanga likulu ku Greensboro, North Carolina, pafupi ndi anthu odziwa za FAA, ndipo munthu mmodzi, a Michimasa Fujino, adatsogolera ntchitoyo zaka pafupifupi 20 mpaka chiphaso chidatuluka mu Disembala 2015. Zoona, HondaJet ndi kandege ka anthu ochepa, malamulo ake ndi opepukirapo, choncho kufananitsaku kuli ndi malire. Koma kusiyana kwa kachitidwe kukuoneka.

Alendo atabwera, adabwera ndi milandu yawo. Ambiri adachokera ku Bombardier, kuphatikizapo a Alex Bellamy omwe adapatsidwa udindo wotsogolera ntchito yonse yokonza ndegeyo. Mu Okutobala 2018 Bombardier idakasuma kukhoti ku Seattle, ponena kuti antchito ake akale adapita ndi zinsinsi za kapezedwe ka chiphaso. Mitsubishi idakana n'kusumanso. Nkhaniyo idazilala pomwe Mitsubishi idagwirizana zogula bizinesi ya CRJ, ndege za msinkhu womwewu, kwa Bombardier pamtengo wa madola 550 miliyoni mu Juni 2019. Chomwe inkafuna kwenikweni pamenepo si ndege za CRJ, koma malo okonzera ndege, nkhokwe za masipeyala ndi amakaniko, chifukwa palibe kampani ingagule ndege yomwe ikawonongeka Lachisanu usiku sipeyala yake ichokere kutsidya la nyanja sabata yamawa.

Malire a mipando 76

Tiyerekeze kuti chiphaso chikadatuluka. Vuto lachiwiri linali likudikira, ndipo silinali la mainjiniya.

Msika waukulu wa ndege zoterezi ndi America. Kumeneko makampani akuluakulu, American, Delta ndi United, sayendetsa okha maulendo a m'mizinda yaing'ono. Amapereka ntchitoyo kwa makampani ngati SkyWest, omwe amapenta ndege zawo maina a American Eagle, Delta Connection kapena United Express, ndipo oyendetsa ndege awo amalandira malipiro otsikirapo. Mabungwe a oyendetsa ndege a m'makampani akuluakulu amaopa kuti mabwana angasamutsire ntchito zonse kwa otchipawo. Choncho m'migwirizano yawo ya ntchito muli mfundo yotchedwa scope clause, yomwe imaika malire pa ndege zomwe makampani aang'onowo angayendetse: mipando isapitirire 76, ndipo kulemera kwa ndege ponyamuka kusapitirire mapaundi 86,000, omwe ndi matani 39.

MRJ90, yomwe Mitsubishi idayamba nayo, inali ya mipando pafupifupi 88. Mipando ukhoza kuchotsako, koma kulemera ayi. Mtundu wake wopepukitsitsa unkapyola malirewo ndi makilogalamu pafupifupi 600, ndipo wouluka mtunda wautali unkapyola ndi matani pafupifupi anayi. Mbali ina ya kulemerako idachokera ku injini yomwe ija, poti fani yaikulu ndi giya si zopepuka. Ukhoza kulembetsa ndegeyo pa kulemera kotsika, koma ndiye kuti uchepetse mafuta kapena anthu, phindu lonse n'kuthera pomwepo.

Mitsubishi inkadziwa zonsezi. Idangobetcha kuti malirewo akwera, ndipo panali chifukwa choganizira choncho: m'zaka za m'ma 2000, makampani a ndege a ku America atagwa m'ngongole, mabungwe a oyendetsa ndege adafooka n'kulola malire kukwera kuchoka pa mipando 50 kufika 70, kenako 76. Koma m'zaka za m'ma 2010 mphepo idatembenuka. Makampani adayamba kupanga phindu, ndipo kuyambira 2013 lamulo latsopano lidafuna kuti wothandizira woyendetsa ndege akhale ndi maola 1,500 asadalembedwe ntchito. Oyendetsa ndege adayamba kusowa, mabungwe awo adapeza mphamvu, ndipo pa mipando 76 ndi mapaundi 86,000 sadasunthe ngakhale pang'ono. Ndege 300 mwa zoposa 400 zija zinali za makampani awiri omangidwa ndi mfundo imeneyi.

Embraer idapunthwa pamwala womwewo ndi ndege yake yatsopano ya E175-E2, yomwe idauluka mu Disembala 2019 n'kuikidwa padera chifukwa cholemera. Kusiyana kwake n'kwakuti Embraer inali ndi E175 yakale, ya injini zakale, yokwana bwinobwino m'malirewo, ndipo idapitiriza kuigulitsa mwa mazanamazana. Mitsubishi inalibe pothawira. Mu Juni 2019 idasintha dzina la ndege kukhala SpaceJet, MRJ90 n'kukhala M90, n'kulengeza mtundu watsopano wa M100 wokwana m'malire a ku America. Koma M100 inali pamapepala pokha, yofunika ndalama zake ndi mayeso ake, pomwe mkulu wake M90 anali asadapeze chiphaso. Mu Okutobala chaka chomwecho Trans States idafafaniza oda yake.

Nthawi nayo inali itadya mwayi wa injini uja. Embraer idakhazikitsa ndege zake za E2 mu 2013, zaka zisanu pambuyo pa MRJ, ndi injini za banja lomwelo la Pratt & Whitney. E190-E2 idauluka mu Meyi 2016, idalandira ziphaso za Brazil, America ndi Ulaya mu Febuluwale 2018, ndipo mu Epulo idayamba kunyamula anthu ndi kampani ya Widerøe ku Norway. Si kuti a ku Brazil ndi anzeru kuposa a ku Japan. Embraer idayamba mu 1969 ngati kampani ya boma, n'kukwera sitepe ndi sitepe: Bandeirante ya anthu pafupifupi 20, Brasilia ya 30, ERJ 145 ya 50, kenako ma E-Jet mu 2004. Pa iliyonse idadutsa m'manja mwa FAA, ndipo anthu ake ankachoka pantchito ina kulowa pa ina nzeru zisadazizire.

Pali chinanso chomwe sichitchulidwa kawirikawiri. Ngakhale inkatchedwa ndege ya Japan, pafupifupi 70 peresenti ya zigawo zake inkachokera kunja, makamaka ku America. Kwa makampani omwe amagulitsa kwa Boeing ndi Airbus mwa zikwizikwi, Mitsubishi anali kasitomala wamng'ono wosinthasintha maganizo, ndipo kusintha kulikonse kunali ndi mtengo wake.

Mathero ake

Mu Febuluwale 2020 adalengeza kuchedwa kwachisanu ndi chimodzi. Patangopita masabata ochepa maulendo a pandege adaima padziko lonse. Mitsubishi Heavy Industries idapwetekeka kawiri, poti nayo Boeing idachepetsa maoda a zigawo. Mu Meyi bajeti ya SpaceJet idadulidwa ndi theka, M100 idaimitsidwa, maofesi akunja adayamba kutsekedwa. Pa 30 Okutobala kampani idati ikuyamba yaima kaye, n'kusiya 20 biliyoni yen yokha ya zaka zitatu, pomwe zaka zitatu zam'mbuyo zidadya pafupifupi 370 biliyoni.

Pomaliza mu 2023, a Izumisawa sadabise mawu. Adavomera kuti kampani sidamvetse kuyambira pachiyambi kuvuta kwa chiphaso, ndipo adati kuti ichipeze pakadafunika zaka zina zingapo, chaka chilichonse pafupifupi 100 biliyoni yen, pa ndege yomwe msika wake waukulu sungailandire. Apa n'kuti ngozi ziwiri za Boeing 737 MAX, ya Lion Air mu 2018 ndi ya Ethiopian Airlines mu 2019, zitachititsa kuti oyendera akhwimitse dzanja kuposa kale, ndipo luso lomwe linali latsopano mu 2008 litakalamba.

Ndege zoyeserera zomwe zinali ku Moses Lake zidaphwasulidwa komweko. Mainjiniya ambiri adasamutsidwira kuntchito zankhondo, makamaka ndege yatsopano yomwe Japan ikupanga limodzi ndi Britain ndi Italy. Mu Malichi 2024 unduna uja wa zachuma, zamalonda ndi mafakitale udalengeza kuti Japan iyesanso, ndi cholinga chokhala ndi ndege yatsopano yonyamula anthu cha mu 2035 kapena kupitirira apo, boma ndi makampani atasonkha 5 thililiyoni yen m'zaka khumi. Ulendo uno akuti katunduyo sadzasenzetsa kampani imodzi, ndipo adzagwira ntchito ndi opanga ndege akunja kuyambira pachiyambi. Ambiri mwa anthu omwe adaphunzira za chiphaso movutikira ku Nagoya ndi ku Moses Lake adzakhala atayandikira zaka zopuma ntchito pofika nthawi imeneyo, ndipo alendo aja adabwerera kwawo mu 2020.